Nyali ya Mabuleki Yakana Kuzima

Kachitatu konse a Sipanala, makaniko mwini galaja, anatuluka pansi pa galimoto ya aphunzitsi n'kutembenuza kiyi, koma nyali ya mabuleki inali chiyakire, kufiira psuu. Mapadi anali atawaona, mafuta a mabuleki anali odzaza, mawaya a kumatayala onse anayi analibe vuto.

Aphunzitsiwo, mayi amene ankakonzetsa galimoto pagalajapo kwa zaka khumi ndi ziwiri, anali atafotokoza m'mawa asanathamangire kukalasi. Galimoto inakana kulira, aneba anaidzutsa ndi batire lawo, ndipo nyaliyo inayaka pomwepo.

Tsidya la msewu kunali galaja ya mlamu wa a Sipanala, mlongo wa akazi awo, amene anthu ankamutcha Kompyuta chifukwa cha kamakina kake kolumikiza pansi pa chiwongolero. Chitsegulireni galajayo, makasitomala a Sipanala ankawoloka mmodzimmodzi ngati nkhuku zaona madeya. Amene anatsala osagwedezeka anali aphunzitsi okha. A Sipanala ankachita nsanje, nsanje yeniyeni, moti ngakhale ovololo yoyera ya mlamu wawoyo inkawanyansa.

Kompyuta anawoloka msewu akupukuta manja oti analibe n'kadothi komwe.

"Alamu, mwasamukira pansi pa galimoto? Batire mwaliyeza?"

"Vuto ndi mabuleki, iwe ukuti batire. Dzino likawawa umakanda chidendene?"

"Magalimoto a masiku ano ndi amantha, alamu. Moto ukachepa, ubongo wake umasokonezeka n'kuyamba kulemba matenda oti kulibe. Tiyeze batire, kenako tifufute ndi kamakina. Nyali ikayakanso ndiye kuti vuto lilipodi. Safunsa anadya phula."

"Ine ndinayamba kugwira sipanala iwe ukadali ndi mamina."

"Paja amati tsabola wakale sawawa," anaseka Kompyuta, n'kubwerera kwake.

Mawuwo anawalasa a Sipanala. Anamasula dashibodi mano ali gwa, n'kudula kachidutswa ka tepi yakuda. Njirayo ankaidziwa ngakhale anali asanaichitepo: kungomata kuseri kwa galasi, nyali siionekanso. Aphunzitsi apita akuthokoza, wa tsidya uja osagwirako n'chala chomwe.

Foni inalira m'thumba. Anali aphunzitsi.

"Bambo, zatheka? Mawa ndikutenga ana anga atatu kukaona agogo awo, ndipo msewu wake ndi wotsetsereka zedi. Ine nyali imeneyo ikayaka ndimaima pomwepo. Munandiphunzitsa ndinu."

"Zitheka, mayi," anayankha a Sipanala.

Anayang'ana tepi imene inali pachala chawo, manyazi n'kuwagwira. Anaifinya, anaiponya m'chitini cha oyilo wakutha, anabwezera dashibodi m'malo mwake. Kenako analiza galimoto n'kuiwolotsa msewu. Panali pafupi poti munthu n'kuponya mwala, koma anafika thukuta lili kamukamu.

Kompyuta anayamba ntchito nthawi yomweyo. Anagunditsa kachoyezera pabatire n'kuwaonetsa alamu ake: moto unali wochepa ndithu. Anaikamo batire latsopano, analumikiza kamakina, anadinadina, nyali thii. Anazungulira nayo kawiri mpaka kumsika akuponda mabuleki mwamphamvu, koma siinayakenso. Ntchito imene inadya tsiku lonse inatha tiyi wa Kompyuta asanazizire, ndipo izi n'zimene zinawawawa kwambiri a Sipanala.

Aphunzitsi ataweruka anapeza galaja yawo ya masiku onse ili mbee. Ataona galimoto yawo tsidya, anawoloka.

"Aa, bambo! Bwanji simunandiuze kuti pafupi pompano pali makina otere?"

"Alamuwa ndi amene anaona kaye mabuleki onse, mayi," anatero Kompyuta. "Ine ndangomalizitsa."

"Mwachita bwino nonse. Koma achimwene, tandipatsani nambala yanu, mwina panjira pangachitike zina."

A Sipanala anaima poteropo atanyamula batire lakale, akumva nambala ikutchulidwa, aphunzitsi akuibwereza kuti asalakwitse. Mayiyo analowa m'galimoto, anatsitsa galasi, n'kuwamwetulira mokoma mtima.

"Musadandaule bambo, sindikutayani. Matayala ndizidzapopetsabe kwanu."

A Sipanala anagwedeza mutu. Anadikira galimoto ichoke, kenako anawoloka msewu pang'onopang'ono, batire likuwalemera m'manja.