Mphunzitsi Amene Anakawerenga Gazeti

"Mukuifuniranji?" anafunsa Pilato, kalaliki wa mu ofesi ya boma, chigongono atatsamiritsa pa mulu wa mapepala.

Alufeyo, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni ku Likhubula, anavula chipewa. Anafotokoza kuti wafufuza m'kabati yonse ya mabuku kusukulu, koma wapezamo Mabaibulo ndi mabuku a masamu okha. Ankafuna kuona Gazeti, momwe boma linkasindikizamo malamulo ake. Kapitawo wa kumunda wa tiyi anali atauza Alomwe okhala pamalo a mzungu kuti kwabwera lamulo loti akazi amasiye nawonso azigwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala, apo ayi asamuke.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero Pilato akumwetulira. "Inu aphunzitsi si mkazi wamasiye. Mukupota m'mimba mwa yani?"

"Ndabwera ndekha, bambo."

Anabisa dala. Anamutuma anali a Eneles, mayi wamasiye wa Chilomwe amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ndi ana ake. Koma chipolowe choukira azungu cha ku Chiradzulu chinali chisanaiwalike, ndipo ku boma munthu wakuda wodziwa kuwerenga ankamuona ngati njoka yolowa m'nyumba.

Pilato analowa kwa bwana wake wachizungu, nachedwako. Potuluka anamupatsa Magazeti angapo.

"Muwerengere pomwepa, choimirira. Osakopera kanthu."

Msilikali anadzaima kumbuyo kwake, mpweya wake ukumveka pakhosi. Alufeyo anatsata mzere uliwonse ndi chala. Munali za misewu, za matenda a ng'ombe, za azungu okwezedwa pantchito. Za akazi amasiye munalibe. Pochoka, Pilato anamufunsa dzina ndi mudzi wake, "kuchitira kuti mwina bwana angafune kukudziwani."

Alufeyo atafika ku Likhubula anapeza anthu akumudikira pakhonde la tchalitchi.

"Lamulo lija mulibe," anatero. "Kapitawo wangopeka."

Palibe anasangalala. A Isake, mlongo wawo wa a Eneles, anamuzungulira n'kumuyang'ana kumsana.

"Malaya osang'ambika, msana wopanda chikoti. Ku boma kuja munthu amatulukako chonchi? Mwawasiyira chiyani?"

"Dzina langa lokha."

"Nanga athu?"

"Sindinatchule munthu."

A Eneles anayankhula motsitsa mawu, maso ali pansi. "Aphunzitsi, mwati mulibe m'mapepala amene anakuonetsani. Nanga amene sanakuonetseni?"

Funso lomwelo linali litamuvutitsanso Alufeyo njira yonse. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, osatsazika.

M'mawa mwake anaimba belu la sukulu. Ana a Amang'anja anabwera, koma mabenchi a ana a Alomwe anali mbee. Ataima pakhomo anaona a Eneles akutsikira kumunda wa tiyi, khasu paphewa, mwana kumsana. Anawapatsa moni mokweza. Iwo anapatukira m'kanjira ka m'munsi, osacheuka.