Tsache la Apongozi

Utsi unali kufukabe pamene mayi wosamalira nazale anafika kunkhalango ya gulu. Pamtsetse pomwe anafesa mbewu za mbawa mwezi wathawo panali poyera ngati bwalo la sukulu. Masamba ouma anali ataunjikidwa milu itatu, iwiri itapsa kale. Pambali panaima apongozi ake, tsache lili m'manja, akupukuta thukuta.

Mkuluyu anasesa pasukulu zaka makumi atatu, mpaka anthu anangowatcha a Tsache. Chimwalirireni akazi awo ankangokhala pakhonde, chakudya n'kumabwerera. Mayiyo ndiye anawanyengerera kulowa m'gulu lobwezeretsa mitengo yachilengedwe, ndipo nkhalangoyo ndi imene inkawadzutsa m'mawa.

Wapampando wa gulu, telala wa pamsika, anafika ali wefuwefu. Anati masambawo ndiwo amasunga chinyontho ndi kuphimba mbewu, ndipo lamulo la gulu limati woyatsa moto m'nkhalango achotsedwe.

"A Tsache, mumayembekezera alendo kodi? Kapena mbalame zinakudandaulirani kuti pauve?"

Mkuluyo anayang'ana pansi. "Ndimaona ngati mwatanganidwa. Ndimati mudzapeze poyera."

Mayiyo anapempha chamumtima kuti pakamwa pake pasatuluke mawu olasa, n'kugwada kuti aone chomwe chatsala. Apo anaona timiyala. Kambewu kalikonse komwe kanali katamera mkuluyo anali atakazunguliza ndi timiyala, tsache osakakhudza. Anatsatira timiyalato mpaka kumunsi kwa mtsetse. Timbewu tina ngakhale iye mwini anali asanationepo.

Anakodola telala kuti adzaone, n'kumufunsa kuti gulu lonse ladutsa pamenepo kangati osazindikira kuti zamera. Telala anawerama nthawi yaitali. Kenako anati timbewuto tili pamtetete, dzuwa la masiku awiri litimaliza.

"Madzi akatayika saoleka, mlongo."

"Madzi inde, achimwene. Koma masamba amaoleka."

Telala anakanda kumutu. Anatambasula dzanja, ndipo mkuluyo anatulutsa machesi m'thumba n'kupereka osafunsa. Anagwirizana kuti nkhaniyo idikire msonkhano wa mwezi wamawa. Timbewuto tikakhala moyo, dzina la a Tsache likhalanso m'gulu.

"Bambo," anatero mayiyo, "mulu watsalawu muubweze pomwe munautenga. Ukaperewera tikatapa pang'ono pang'ono pansi pa mitengo yakumtunda."

"Ndimwaze zinyalala? Ineyo?"

"Inuyo. Mukudziwa pomwe pali kambewu kalikonse."

Mkuluyo anayedzamiritsa tsache pamtengo, nafungatira masamba. Manja sanalole kumwaza. Ankawayala m'mizere yowongoka, tsamba lotuluka pamzere n'kulibwezera. Mpongozi wawo ankatsatira m'mbuyo, akubalalitsa mizereyo ndi phazi mwakachetechete.

Pobwerera kunyumba masana, tsache ananyamula ndi mayiyo. Mkuluyo anafunsa ngati mawa anthu ayamba molawirira.