Gudumu Lotchedwa Mlesi

Mu wotchi ya m'nsanja ya tchalitchi chathu ku Oberlauchen muli magudumu mazana awiri ndi khumi ndi anayi, ndipo onse amagwira ntchito kupatula limodzi. Limenelo timalitcha Mlesi. Ndi lamkuwa, lalikulu ngati mbale yodyera, mano ake akuthwa ngati latuluka dzulo pa tupa, koma silikhudza gudumu lina lililonse. Chitsulo chimene lakhalapo chimalowa m'kabokosi kokhomedwa ndi misomali kukhoma. Chiipangire wotchiyo Pirmin Stritt mu 1811, panalibe amene analiona likusuntha. Komabe mkuluyo anasiya lamulo, ndipo osunga wotchi ankapatsirana pakamwa: chaka chilichonse, tsiku la Matiyasi Woyera, dontho limodzi la mafuta pa Mlesi, ndi nsonga ya nthenga ya tsekwe.

Bambo anga, a Fridolin, anasunga wotchiyo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Ine Ottilie ndinayamba kukwera nawo ndili mwana, ndipo pofika 1900 ndinali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, wosakwatiwa. Amayi a pamsika ankati ndinakwatiwa ndi wotchi. Sindinkawatsutsa. Amuna awowo sankabwera kunyumba pa nthawi yake ngakhale tsiku limodzi.

Anthu a pabwalo amaona nkhope yokha: muvi wa dzuwa, kampira ka mwezi kamene kamatembenuka pang'onopang'ono, tambala wachitsulo, ndi chigoba cha Imfa chimene chimamenya belu. Ine ndinkaiona kumbuyo. Ukaima m'katimo, thambo lonse limayenda mokuzungulira. Gudumu ili lanyamula mwezi, ilo lanyamula nyenyezi zimene zili pamwamba pa madenga athu ngakhale masana, lina lija limadziwa tsiku la Pasaka wansembe asanatsegule buku lake. Zonsezo zimakokedwa ndi miyala inayi yolendewera pa zingwe. Ndinakula nazo, koma sindinazizolowere. Nthawi zina ndinkaiwala chimene ndakwerera, n'kungoima manja ali m'thumba, mtima ukugunda ngati ndalowa pamalo osayenera munthu.

Mu Januwale munabwera a Leodegar Zipfel, injiniya wa kumzinda, wogulitsa mawotchi oyendera magetsi. Anakwera m'nsanja, nagogoda apa ndi apo ndi pensulo yawo, kenaka anapempha kulankhula ndi khonsolo. Khonsolo yathu imakumana m'chipinda cha kumbuyo kwa nyumba ya mowa, ndiye nkhani zake zonse zimanunkha nyama ya nkhumba yowamba pautsi.

"Mabwana, wotchi yanuyi ndi yokongola, sinditsutsa," anatero a Zipfel. "Koma mwezi wa mawa ikuchititsani manyazi. Imangodziwa kuti chaka chachinayi chilichonse Febuluwale amakhala ndi masiku 29. Chomaliza chinali 1896, ndiye iyo ikuyembekeza 29 chaka chino. Koma 1900 alibe 29. Zaka zothera pa handiredi zimadumphidwa, kupatula chimodzi pa zinayi. Dziko lonse lidzakhala pa 1 Malichi, inu nokha pa 29 Febuluwale."

"Tidzakhala ndi tsiku lathulathu," anatero wina kumbuyo. "Ine ndiye sindidzapita kuntchito!"

A Meya sanaseke. Iwowo ndi ogulitsa masoseji, ndipo chimene amaopa kuposa moto ndi kusekedwa ndi anthu a m'tauni yoyandikana nafe.

"Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa," anatero. "Fridolin, mukuti bwanji?"

"Ndikuti Pirmin Stritt sanali chitsiru," anayankha bambo.

"Ndani wanena za uchitsiru? Tikufunsa ngati idzalemba 29."

"Siidzalemba."

"Chidzailetse n'chiyani, madala?" anafunsa a Zipfel.

"Mlesi."

A Zipfel anaseka mpaka anachotsa magalasi. "Kagudumu kosaluma kanthu kaja? Pepani madala, kaja ndi ntchito imene mkulu wanuyo anayamba n'kuilephera. Mwakhala mukudyetsa mafuta mtembo."

Anagwirizana motere. Kalendala ya wotchi yathu imasintha tsiku seveni koloko m'mawa, chifukwa Stritt ankati tsiku liyambe anthu akuliona. Madzulo a pa 28, chitseko cha nsanja chikiyidwe ndipo kiyi agone kwa a Meya. M'mawa mwake bambo aime pabwalo, manja ali poyera. Ikalemba 1 Malichi, a Zipfel akwere sitima. Ikalemba 29, kiyi sabwerera kwathu, magudumu atsitsidwe, ndipo kuseri kwa nkhope yakaleyo kuikidwe makina a magetsi.

Ndinakwiya ndi bambo kuposa ndi a Zipfel. Mlendoyo ankanena zoona, ndipo ine ndinkadziwa. Masiku ali pa mkombero waukulu wachitsulo. Chaka wamba, ukafika pa 28 Febuluwale, pali chala chachitsulo chimene chimaukankha kachiwiri kuti udumphe 29. Chaka chachinayi, gudumu lina limanyamula chalacho m'mwamba, ndipo 29 amakhala. Masabata atatu ndinawerenga mano, ndinatsatira chitsulo chilichonse mpaka pothera, ndinagona chagada m'fumbi ndi ndowe za nkhunda. Gudumu la zaka zinayi linali likunyamula kale chala chija, ndipo sindinapeze kanthu koliletsa.

"Bambo, tiyeni titsegule kabokosiko tione," ndinawachonderera tsiku la Matiyasi, pa 24 Febuluwale, iwo akuviika nthenga m'mafuta.

"Kuti tidule misomali ya Stritt? Ukadula, ubwezeretsa iwe?"

"Nanga ngati mulibe kanthu?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe."

"Nkhono yanuyo yadekhetsa anthu zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ndi zinayi!"

Bambo anagwetsa dontho lawo, dzanja losanjenjemera n'komwe, napukuta nthengayo pa malaya. Ndinawayang'ana msana wawo wopindika uja, n'kuganiza za iwo atakhala pakhomo popanda kiyi, akumva belu la magetsi. Sakanatha chaka.

M'mawa wa pa 1 Malichi ndinadzuka bambo atatuluka kale. Patebulo panali buledi wanga wakuda ndi kapu ya khofi, ndipo pambali pa buledipo panali kakiyi kakang'ono. Khonsolo inaiwala kuti kuseri kwa limba la m'tchalitchi kuli kakhomo kena kolowera m'nsanja. Kakiyi kake bambo ankakavala m'khosi pa chingwe, ngakhale posamba. Ndinati ukalamba wawafika, ndipo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kuiwala kwawoko. Khofi sindinamwe.

Ndinakwera makwerero ndi chinthu chimodzi m'mutu. Mkombero ukafika pa 29, ndiukankha ndi dzanja langa ufike pa 1 Malichi. Pabwalo zidzaoneka ngati chaka wamba. Ndinkadziwa kuti ndi bodza, ndipo ndinkadziwanso choopsa chake: ngati m'kabokosi muja munalidi kanthu, n'kukankha nthawi imodzi ndi ine, mano akanathyoka. Koma za m'kabokosizo sindinkazikhulupirira.

Pa kabowo ka pansi pa mwezi ndinasuzumira. Tauni yonse inali pabwalo, m'chipale chofika m'akakolo, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ophika buledi anabwera ndi ufa m'manja. A Zipfel anali ndi wotchi yawo ya m'thumba pachikhatho. Bambo anaima pakati, chipewa atavula, manja ali lende.

Miyala inayamba kutsika. Tambala anakupiza mapiko, Imfa inakweza nyundo yake. Ndinaika zala pa mkombero, chitsulo chozizira chikundiluma. Belu linalira kasanu ndi kawiri, mkombero unasuntha kamodzi, n'kuima.

"Twente naini!" anafuula wina pansi, ndipo chiseko chinakwera mpaka m'nsanjamo.

Ndinakoka mpweya kuti ndikankhe. Pamenepo m'kabokosi muja munamveka kaphokoso, ngati nkhalamba ikukonza kukhosi isanalankhule.

Ndisaname kuti chinandiletsa ndi chikhulupiriro. Anali mantha. Dzanja linachoka lokha pa mkombero. M'nsanjamo ndinkadziwa mawu a chitsulo chilichonse, koma awa ndinali ndisanawamvepo, bambo anali asanawamvepo, ngakhale amene anawaphunzitsa bambo.

Mlesi anatembenuka. Anayenda mosafulumira, mosalira, pa mafuta a anthu onse aja, ndipo fumbi la pa mano ake linagwa ngati ufa. Kumbuyo kwake kunatuluka kamsomali kamene kanali kobisika. Kanagwira ndodo ina yachitsulo imene tonsefe tinkayesa mchirikizo chabe, yomwe ndinkapachikapo nyali yanga. Ndodoyo inapendekeka, inakankhira pambali chimene chinanyamula chala chija, ndipo chalacho chinagwa pamalo pake n'kukankha. Mkombero unasuntha kachiwiri. Ndodo inabwerera. Mlesi anaima, atayenda gawo limodzi la magawo anayi. Zonsezo sizinathe mphindi.

Pansi chiseko chinaduka ngati achidula ndi mpeni. Kenaka kunabuka mkuwo, wina akuimba nyimbo ya Pasaka pakati pa Lenti. Ine ndinakhala pansi.

Ndili chikhalire ndinapisa dzanja kuseri kwa gudumulo, malo amene nthawi zonse ndinkaopa kuwakhudza. Ndinapeza timisomali titatu, kamodzikamodzi pa zigawo zitatu mwa zinayi za gudumulo. Chigawo chotsatira, chimene chidzafike pa ndodo zaka handiredi zikubwerazo, chinali chosalala. Ndinayamba ndaganiza kuti kamsomali kake kanathyoka, koma panalibe bowo. Kenaka ndinakumbukira mawu a Zipfel: kupatula chimodzi pa zinayi. Chaka cha 2000 chidzakhala ndi 29 wake, ndipo Mlesi adzatembenuka osagwira kanthu. Stritt uja, atakhala pa benchi ndi tupa lake, anaganizira m'mawa wina wa anthu amene agogo awo anali asanabadwe, podziwa kuti iye sadzaona ngakhale kutembenuka koyamba. Ndinalira. Ndinalira chifukwa cha kudabwa, komanso manyazi, poti ndinatsala pang'ono kumuthyolera mano ndi dzanja langa lofulumira.

Nditatsika ndinazungulira kuseri kwa tchalitchi n'kulowa m'gulu ngati ndachokera kunyumba. A Meya anali akuuza aliyense kuti iwo sanakayikepo. A Zipfel, kunena zoona, anachita zaulemu. Anavula chipewa, nayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, n'kufunsa bambo ngati angawalole kukwera kukaona. Bambo anati mawa. Analandira kiyi wawo, nauika m'thumba osauyang'ana, n'kundigwira pamkono.

Tinayenda mpaka pa mlatho. Pamenepo anaima, nachotsa ndi zala zawo ulusi wa kangaude pa phewa langa.

"Unakankha?"

"Ayi, bambo."

"Usandinamize, Otti. Ndine wamkulu, ndipirira."

"Sindinakankhe. Ndinakwera kuti ndikankhe, dzanja linali pamenepo. Koma Mlesi anandichita changu."

Anagwira chitsulo cha mlatho ndi manja onse awiri. Apo ndinaona kuti chiimire pabwalo paja, pakati pa anthu owanyamula ndi kuwapsompsona, iwo ankaganiza kuti ndine ndinakankha mkombero.

"Anayenda?" anafunsa ndi mawu aang'ono. "Yekha?"

"Yekha, bambo. Pepani, ndinatenga kakiyi kanu. Munakaiwala patebulo."

"Ine kuiwala kiyi? Unayamba wandionapo?" Anapukuta mphuno ndi dzanja la malaya. "Ndinakasiya dala, mwanawe. Usiku wonse ndinali kuganiza kuti bwanji ngati mlendo uja akunena zoona. Kukuuza kuti ukakankhe, pakamwa panandikana. Ndiye ndinangokaika pambali pa buledi."

Zaka zonsezo ndinkayesa kuti iwo amadziwa chimene ine sindidziwa, osazindikira kuti ankakwera makwerero aja ndi mantha omwewo.

"Iwe ndiye unaona," anatero. "Ine ndinali pansi ndi ogulitsa masoseji. Tandiuza. Anayamba bwanji?"

Ndinawauza za kaphokoso ka m'kabokosi, za fumbi, za ndodo imene tinkapachikapo nyali, za chigawo chosalala. Anamvetsera maso ali chitsekere, chipale chikuwagwera pa dazi. Nditamaliza anati ndiyambirenso, koma pang'onopang'ono, ndisadumphe kanthu.