Mpeni wa Pakhola

"Matumba achepa," anatero a Pearson, wapampando wa komiti yathu, akupukuta thukuta. "Mitengo yakwera ku Boma."

Ndinalavulira pambali. Ndalama tinasonkha tonse mudzi uno wa ku Edingeni, koma chaka ndi chaka feteleza ankandithera pamphuno. Chimanga changa chinali chitayamba kale chikasu. Kwa ine komiti ndi afisi ovala majekete.

Tinali pa sangweni, pakhomo pa khola, pomwe makolo ankaweruzira milandu. A Mavis, mayi wamasiye wogulitsa tomato, anasolola mpeni wophera ng'ombe, nagwada, n'kuupereka kwa a Pearson ndi manja awiri.

"Adada, tigawireni ngati nyama."

Mwambowo tonse timaudziwa: ng'ombe ikaphedwa, wogwira mpeni amatenga pomaliza, iye ndi onse a m'nyumba mwake. Nyama ikatha, amanyambita zala.

"Mama, uyu ndi feteleza, si ng'ombe," anatero a Pearson, akuseka mokakamiza.

"Ine ndinagulitsa mbuzi kuti ndisonkhe. Magazi anatuluka kale. Kapena mpeni ukukulemerani?"

Ndinadziwa kuti akana basi. Koma a Ellen, amayi awo a Pearson, omwe anali kutsogolo kwa mzere wodikira feteleza, anatola ndodo yawo. Anayenda pang'onopang'ono, kudutsa mzere wonse, kudzandidutsa ine, n'kuima kumbuyo kwanga. Kenako mpongozi wawo anatsatira, ndi ana awo ena, mmodzimmodzi.

"Landira mpeni, Pearson," anatero osakweza mawu. "Malemu bambo ako agona m'kholamu. Akumva."

Mphepo inaleka, ng'ombe zitatipenya.

A Pearson analandira. Anayang'ana mulu wa matumba, anayang'ana kumene kunaima amayi awo.

"Dikirani pang'ono."

Anabwerera ndi ngolo yodzaza. Pamatumbapo panali zinyenyeswa za fodya ndi zitosi za nkhuku. Chigafa cha fodya m'mudzi muno ali nacho ndi munthu mmodzi yekha, wapampandoyo. Palibe anafunsa. Aliyense ankangowomba m'manja mothokoza, "Yewo chomene, adada," n'kusenza lake. Ine ndinali nditakonza mawu owawa, koma thumba litafika paphewa, ndinangonyamuka nalo.

Lomaliza linali long'ambika. Nditatembenuka ndinaona a Ellen atagwada m'fumbi, akutolera timibulu toyera m'chitenje, ndipo mwana wawo akuwathandiza ndi dzanja limodzi, linalo likadagwira mpeni.