Chigamba cha Malaya Abuluu

M'holo ya kuseri kwa chipatala, amayi a m'deralo ankasoka chinsalu chachikulu cha zigamba choti akachipachike pakhoma la chipinda chodikirira odwala. Lamulo lake linali lakuti chigamba chilichonse chichokere ku chovala cha munthu amene anatsogola, ndipo achisoke abale ake awiri. Nsaluyo ankaikunga pa felemu yamatabwa, wina n'kuimirira pamwamba, mnzake n'kukhala pansi pake, n'kumabwezerana singano. Chigamba chikalowa chalowa, sankamasula.

Mayi wina wophika mabanzi ankangobwera kudzathandiza kupeta maluwa a m'mphepete. Iwo analibe woti amusokere, ankatero. Mwana wawo, dalaivala wa mathiraki, anapita ulendo kalekale osabwerako, koma kusowa si kufa. Nsapato zake ankazipukutabe fumbi.

Tsiku lina polowa anapeza m'holo muli zii. Ngakhale Wailesi, mayi wolongolola amene ankanyoza anzake kuti mizere yawo ikuyenda ngati woledzera, anali atameza lilime. Patebulo panali chigamba chabuluu, thumba la malaya lili pomwepo, batani lake lofiirira. Batani limenelo mayi wa mabanziyo analisokerera yekha pa malaya a mwana wawo, lenileni litaduka.

Mpongozi wawo, mkazi wa dalaivalayo, anaimirira manja ali kumbuyo. Motsitsa mawu anafotokoza kuti wadikira mpaka ana asinkhuka, kuti kalipentala wina wamufunsira, ndipo sangamuyankhe malayawo akadali m'sutikesi. Sanafune kuchita zamseri. Komanso wachibale wina woti agwire naye singano panalibe.

"Ndiye wamuphera pa sizasi mwana wanga," anatero mayiwo.

"Amayi, ndatopa kukhala wamasiye wopanda manda."

Namwino wopuma ntchito amene ankatsogolera gululo anayesa kuziziritsa nkhani, amvekere chigamba sichiwola, chikhoza kudikira mwezi wamawa. Mpongoziyo anapukusa mutu. Anati apongozi akewo akakana kugwira naye singano, iye sakakamiza, malayawo atenge, koma kalipentala amuyankhabe.

Apo mayi aja anaona kuti chatsala m'manja mwawo si mwana ayi, koma singano basi. Akakana, mtsikanayu achoka ndi adzukulu mtima uli kuwawa, ndipo pakhomo padzangotsala iwo ndi nsapato. Anavula mpango, n'kukwawira pansi pa felemu, mawondo akulira. Kunsiko kunkanunkha utuchi ndi sopo wa zovala za anthu akufa, ndipo chabwino chake palibe ankawaona nkhope.

Mpongoziyo ataibaya kumwamba, singano inatulukira pamwamba pa mutu wawo. Anaigwira, osaibweza. Ankangoona mapazi a anzawo atazungulira, ena akusinthasintha poponda. Wina anatsokomola. Kenako anaibaya, inabwereranso, anaibayanso. Ulusi unkalira podutsa m'nsalu ya malaya imene inali itauma ndi kukhalitsa.

Atafika pakona anaima, nalankhula ali konko.

"Anawo azibwerabe kwathu?"

Mpongoziyo anayankha kuti sakudziwa bwino, poti kalipentalayo ntchito waipeza kutali, mwina azibwera sukulu akatsekera.

Mayiwo anafuna kunena kuti akanadziwa sakanayamba. Koma nsonga ya singano inali itatulukira kale, ikuwadikira, ndipo anaikoka.