Kapu Yachiwiri

Ine ndinakhalitsapo chete holo yodzaza anthu popanda kutsegula pakamwa. Ondidziwa aseka, chifukwa pakamwa panga sipapuma. Ndinayamba ndi kumata matayala pansi pa mtengo, lero ndili ndi mashopu atatu, ndege ndakwera mpaka kutopa nazo, ndipo kulikonse kumene ndapita ndaonera mafilimu m'maholo a mipando yofewa ngati matiresi. Za kanema musandiphunzitse.

Mwana wanga wamwamuna amajambula mafilimu. Yoyamba anajambula ndi kamera yobwereka, nkhani ya nyumba ya mzukwa. Mzukwawo sunaoneke n'komwe. Chitseko chinkangotseguka chokha, basi, koma anthu ankatuluka atagwirana manja. Amayi ake anaionera katatu. Chaka chotsatira tinawaika m'manda.

Kuchokera pamenepo ndinali ngati mkono wougonera: uutsine, sukumva. Ndinkadya, ndinkaseka, ndinkagulitsa matayala. Mnyamatayo atati akufuna kujambula gawo lachiwiri, ndinati ndalama zonse ndipereka ine, koma mawu omaliza akhalenso anga.

"Ulendo uno mzukwa uoneke," ndinatero. "Kodi ine ndimagulitsa tayala lili m'thumba?"

Ndinaitanitsa makina a utsi ndi chigoba chovala kumaso, cha maso ofiira oyaka ndi mabatire.

Tsiku lina anandiitanira m'chipinda chake cholumikizira zithunzi. Pa kompyuta panaoneka khitchini yanga, m'mawa. Chimunthu chadazi, chitapereka msana, chinathira tiyi m'makapu awiri, n'kukankhira ina ku mpando wopanda munthu. Chinakhala. Chinamwa yake. Kenako chinakataya inayo musinki.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi inuyo, bambo. M'mawa uliwonse. Ndinajambulira pawindo. Nkhope sikuoneka, ndipo bambo wa m'filimu muno nayenso mkazi wake anamwalira. Zikugwirizana."

Sindinakwiye. Sindinamve kalikonse.

"Mphindi zinayi munthu akumwa tiyi? Palibe chikuchitika apa. Chotsa, uikepo mzukwa."

Anachotsa.

Loweruka masana tinaonetsa filimuyo kwa abale ndi antchito anga kuti tiyese. Zabwino zinalimo, ndisaname. Phokoso la mapazi padenga linkachita kulowa m'mafupa. Mtsikana wosewera ngati mwana wa m'nyumbamo ankaopa ndi maso okha, osakuwa, ndipo ndaona akatswiri kunja amene sangamufike. Koma nkhani inkaponda m'mapazi a yoyamba ija, chitseko chomwecho, masitepe omwewo. Panalinso nkhalamba ina imene inkafotokoza mbiri ya mzukwa ngati ikuwerenga malamulo a inshuwalansi. Kenako utsi unabuka, mzukwa wanga n'kutulukira.

Holo yonse inafa nako kuseka.

"Alamu!" anakuwa mng'ono wa malemu mkazi wanga. "Amenewo ndi maso kapena magetsi a mabuleki? Mwautenga kushopu kwanu?"

Inenso ndinaseka nawo. Pakamwa pankaseka pokha.

Panja ndinamupeza mnyamatayo akupinda mawaya.

"Dzina langa ndichotsapo, bambo. Lolemba ndikunyamuka. Mnzanga wandipezera ntchito yojambula maukwati, kutali."

"Maukwati? Mwana wa ine? Nanga ndakumana chiyani?"

"Ndalama simunandimane. Koma muli nane ngongole."

M'mawa mwake ndinali kukhitchini. Ndinazindikira dzanja litakankha kale kapu yachiwiri. Ndinaiyang'ana ikufuka nthunzi. M'chipinda cha mnyamatayo ndinkamva zipi ya chikwama. Ndinawerengera ngati wamalonda, ndipo ndinapeza kuti kuyambira Lachiwiri ndizidzathira makapu atatu, n'kumataya awiri.

Ndinagogoda.

"Bwezeramo za tiyi zija."

"Zonse?"

"Zonse. Koma mzukwa wanga usautaye, ndinaugula modula. Uoneke kamodzi, patali, mabatire utachotsa."

"Nkhalamba ijanso ndiidula pakati."

"Idule. Imeneyo ngakhale ine inanditopetsa."

Chikwama sanamasule. Anati aona kaye.

Tsiku loonetsa anthu onse, holo inadzaza mpaka ena kuima m'mbali. Ndinavala suti yanga yoyera. Nkhani inali yobwereza ndithu, ndipo pena anyamata akumbuyo ankaneneratu zimene zichitike. Kenako panabwera khitchini. Msana wanga. Makapu awiri.

Anyamata aja anasiya. Wina wokukuta zokazinga pafupi nane anaimitsa dzanja m'pepala. Anthu ankadikira kuti kapu isuntha, kuti mpando ukokeka. Sizinachitike. Mayi wina ananong'ona, "Akumuona mkazi wake. Ifeyo ndi amene sitikumuona." Mlamu wanga uja anali ataphimba kumaso ndi mpango, ndipo sikunali kuopa.

Ine ndinkangoyang'ana dazi langa, n'kumaganiza kuti ndanenepa. Koma tiyi atatayidwa musinki, ndinamva kunyerenyetsa pang'ono pachifuwa, monga muja umachitira mkono dzanzi likayamba kuchoka. Pang'ono chabe.

Magetsi atayaka, dzina la mwana wanga linali pa kanemapo, zilembo zikuluzikulu. Anabwera kudzaima pambali panga.

"Ndiye ngongole ija?" ndinamufunsa.

"Yatha, bambo. Mphindi zinayi, zonse."

"Nanga chikwama?"

"Mawa kapu inayo musataye. Ndimwa ine."