Galimoto Imene Mayi a Mapasa Sanakwere

Kampani ya penti itamukweza kukhala mkulu wa zamalonda, inamuuzanso kuti akasankhe yekha galimoto yatsopano. Kagalimoto kakale kamene ankayendera kanali katatopa. Chitseko chakumbuyo chinkatsegukira mkati mokha, ndipo m'mawa kankayamba katsokomola kaye kasanalire. Abwana aakulu, mayi wosachulutsa gaga m'diwa, anangoti, "Pitani kumene timagula magalimoto kuja. Aika zitatu pambali. Imene ikusangalatseni ndi yomweyo."

Kuntchito ankamutchula kuti a Malonda. Kunyumba anali bambo a mapasa, ngakhale kuti mapasawo anali atakula n'kupita kusukulu yogonera komweko.

Madzulo a tsikulo anapeza mkazi wake pakhonde akufinya kampira ndi dzanja lamanzere, monga anamulangizira a mafizo, madokotala olimbitsa ziwalo, kuchipatala. Mayiyu anali mphunzitsi, ndipo chaka chathacho sitiroko inamugwetsa ali m'kalasi, choko chili m'manja. Pakamwa panabwerera m'malo mwake, mawu nawo anabwerera, koma mwendo wamanzere unkakwakwaza pansi ndipo dzanja linali lofooka. Ankayenda ndi ndodo yachitsulo ya timiyendo tinayi. Mng'ono wake anasamukira pakhomopo kuti azimuthandiza.

"Ndiye mwasanduka bwana weniweni," anatero mkaziyo atamva nkhaniyo, akumwetulira. "Ine pempho langa ndi limodzi. Mukatenge yaifupi, yoti ndikatembenuka ndizingokhala pampando ngati mmene ndimachitira ndi kakale kaja. Za mtundu musavutike nazo, kaya ikhale yachikasu ngati nthochi."

"Zimenezo n'zosachita kunena, mayi a mapasa," anayankha motero akuvula nsapato.

Kuntchito ankadziwa kuti mkazi wake anadwalapo, koma palibe amene ankadziwa za ndodoyo. Akamufunsa ankati, "Ali bwino kwambiri, achira." Pamene kampani inachita phwando la mabanja, anapita yekha n'kunena kuti madamu apita kukaona ana. Mumtima ankadziuza kuti akumuteteza ku maso a anthu achisoni chonamizira.

Tsiku lokasankha galimoto, mkulu woona zogula katundu anadziitana yekha. Ameneyu ankamutchula kuti Wailesi, chifukwa akatsegula pakamwa panalibe pomuzimitsira. Iyenso anali ndi galimoto ya kampani, yasiliva, yaifupi, ndipo ankaidandaula tsiku ndi tsiku kuti imakhula mimba pa hampu iliyonse.

Kogulitsa magalimotoko kunali magalasi okhaokha, pansi pakuwala moti munthu ankachita kuponda mosamala, ndipo monse munkamveka fungo la matayala atsopano. Mayi wogulitsa anawaonetsa zitatu zija. Yoyamba inali yoyera, yaifupi, ya zitseko zotseguka kwambiri. Yachiwiri inali pikapu yotuwa. Yachitatu inali yakuda, yaitali, matayala ake ofika m'ntchafu mwa munthu.

Bambo a mapasa anayamba ndi yoyera ija. Anatsegula chitseko cha kumpando wa wokwera, nayeza ndi maso kutalika kwa mpandowo. Unali ndendende mmene ankafunira.

"Achimwene, musatichititse manyazi," anatero Wailesi. "Imeneyo ndi yopitira kumsika kukagula matimati. Mkulu wa zamalonda akamafika kwa makasitomala, mlonda azitsegula geti asanafunse n'komwe kuti ndinu ndani. Ine ndinalakwitsa kale, onani mmene ndikuvutikiramu. Takwerani iyi mumve."

Anakwera yakuda ija kuti angomusangalatsa mnzakeyo. Mpando wachikopa unamulandira bwino. Ali mmwambamo ankaona paliwombo pa mayi wogulitsa uja, ndipo pagalasi lalikulu la kutsogolo anadziona yekha, dzanja lili pachiwongolero. Kuyambira pamene matenda analowa m'nyumba mwake, moyo wake unali wa mabeseni, mapilisi ndi mabenchi a kuchipatala. Munthu amene anamuona pagalasipo sankaoneka ngati amadziwa zonsezo.

"Kodi nthawi zambiri mumayenda ndi ndani, bwana?" anafunsa wogulitsa uja. "Ndikufunsa chifukwa ngati pali achikulire kapena wina wovutika miyendo, iyi imawavuta kukwera."

Anatsala pang'ono kutchula za mkazi wake. Wailesi anali ataima pafupi, akusisita nyali ya galimotoyo.

"Nthawi zambiri ndimayenda ndekha," anatero.

Posainira anadziuza kuti galimotoyo ili ndi chopondera m'mbali, komanso chogwirira pamwamba pa chitseko. Ndiponso a mafizo ananena kuti mwendo ukulimba. Zonsezi anazibwereza mumtima kangapo, koma kunyumba sanatchule imene wasankha. Mkazi wake atafunsa anangoti, "Mudzaiona ikabwera."

Inabwera itamatidwa kale chizindikiro cha kampani pazitseko, ndipo kakale kaja anakabweza kukampani. Atalowa nayo mumsewu wa kwawo, anthu anasuzumira pamipanda. Pageti anachita kupinda magalasi am'mbali kuti ikwane. Mlamu wake anatuluka m'khitchini akupukuta manja, anaiyang'ana, anayang'ana mkulu wake, n'kubwerera m'khitchini momwemo. Mayi a mapasa anayenda pang'onopang'ono mpaka pachitseko cha wokwera. Mpando unali pamwamba pa chiuno chake.

"Ndi yokongola," anatero.

M'mawa mwake linali tsiku la mafizo. Mkaziyo anavala siketi yake yabuluu, nadzola mafuta onunkhira monga ankachitira akamatuluka. Atafika pagalimoto anapereka ndodo kwa mng'ono wake. Anayesa kuika mwendo wabwino pachopondera, koma wodwala uja sunathe kunyamula thupi lonse, bondo linagwedezeka. Anayesa kutsogoza wodwalawo, koma sunakwezeke kufika pachoponderapo. Chogwirira chija chinali kutali ndi dzanja lamphamvu. Anayesanso, thukuta litayamba kutuluka pamphuno.

Geti linali lotsegula. Mayi wa nyumba yoyang'anana nayo, amene ankasesa panja, anasiya tsache lili m'manja.

"Dikirani ndikunyamuleni," anatero bambo a mapasa.

"Ayi."

"Tichedwa. Alamu, gwirani miyendo."

Anamunyamula awiriwo. Siketi inakodwa pachitsulo cha mpando n'kukwinyikira m'mwamba mpaka m'ntchafu, nsapato imodzi inagwera pansi pa galimoto, ndipo mkaziyo anatsala chogona, theka mkati theka kunja, dzanja lodwala likulendewera. Anthu awiri amene ankadutsa mumsewu anachepetsa liwiro.

"Nditsitseni," anatero motsitsa mawu kwambiri. "Bambo a mapasa, ndati munditsitse."

Anamutsitsa. Anakonza siketi yake ndi dzanja limodzi, analandira ndodo, nauza mng'ono wake kuti aimbire takisi. Takisiyo itafika, dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Bwana, tasunthani chigalimoto chanuchi ndilowe, amayi asayende mtunda."

Anachisuntha. Kenako, posadziwa chochita china, anatsatira takisiyo pambuyo mpaka kuchipatala, ali yekha m'galimoto ya mipando isanu ndi iwiri. Kumeneko sanatsike. Anakhala poimika magalimoto, injini itazimitsidwa, akuyang'ana manja ake.

Atabwera kuchokera kuntchito madzulo, anapeza mkazi wake pabalaza, mwendo uli pa kampando. Mlamu anatenga mbale n'kupita nazo kuseri.

"Yaifupi kunalibe?" anafunsa mkaziyo.

Bodza linali pafupi, ndipo mwina mkaziyo akanalikhulupirira.

"Inaliko."

"Ndiye munaiwala?"

"Sindinaiwale."

Mkaziyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati mmene ankachitira mwana wa sukulu akapereka yankho limene ankaliyembekezera. Kenako anafunsanso.

"Kodi kuntchito kwanu amadziwa kuti ndimayendera ndodo?"

Mwamunayo anaweramitsa mutu. Anayang'ana kapeti.

"Ndimadabwa," anatero mkaziyo. "Chidwalireni, palibe ndi mmodzi yemwe wa kumeneko amene anabwera kudzandizonda. Ndakhala ndikunena mumtima kuti anzanu ndi anthu ouma mtima. Kani ndakhala ndikuwachimwira."

Sanakweze mawu, sanalire. Anapempha kuti amupatsire ndodo yake, napita kuchipinda.

Kutacha, bambo a mapasa anagogoda pa ofesi ya abwana aakulu n'kupempha ngati galimotoyo ingabwezedwe.

"Kubweza sikungatheke," anatero abwanawo osasiya kulemba. "Yalembetsedwa kale m'dzina la kampani. Yavuta chiyani, injini?"

"Injini ili bwino. Akunyumba sangathe kukwera."

Anafotokoza zonse ataimirira, ngakhale kuti mpando unali pomwepo: sitiroko, mwendo, ndodo, takisi. Abwanawo anaika cholembera pansi, navula magalasi.

"A Malonda, ine ndakhala ndikukufunsani za mayi akunyumba mwezi ndi mwezi. Mumandiuza kuti achira."

"Ndi choncho, bwana."

"Ndinakutumizani ulendo wakutali kangati chaka chino, ndikuganiza kuti kunyumba kuli bwino?"

Abwanawo anavalanso magalasi.

"Njira ndi imodzi. Galimoto yaifupi imene tili nayo ndi ya anzanu a zogula katundu aja. Mukagwirizana zosinthana, ine ndivomera. Koma mukawapemphe nokha, ine sindikakunenerani."

Anamupeza Wailesi kumalo osungira katundu, pakati pa zitini za penti, akuseketsa anthu opakira katundu m'lole. Anamuitanira pambali. Ankayembekezera kusekedwa, ndipo mwina zikanamupepukira akanasekedwa. Koma pamene ankafotokoza, nkhope ya Wailesi inagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwireni anamuona atasowa mawu.

"Achimwene," anatero pamapeto pake, "ine ndimaseka galimoto. Sindimadziwa kuti ndikuseka alamu anga. Mukanangondiponda phazi tsiku lija, ndikanatseka pakamwapa."

"Wolakwa si inu."

Wailesi anatulutsa makiyi m'thumba, anachotsapo a kunyumba kwake, n'kumupatsa otsalawo. Masana anaoneka kuseri kwa ofesi atapinda malaya, akutsuka yekha galimoto yasilivayo mkati ndi kunja. Pofika nthawi yoweruka, nkhani inali itafika pa desiki iliyonse. Palibe amene anamunena. Ankangomupatsa moni wofewa, ndipo mayi wa polandirira alendo anamufunsa mwaulemu ngati amayi amakonda zipatso. Akanakonda atamutukwana.

Tsiku lotsatira la mafizo, mayi a mapasa anaima pafupi ndi galimoto yasiliva ija, anatembenuka, nakhala pampando. Ananyamula mwendo wodwala ndi dzanja n'kuulowetsa, nadzimanga lamba yekha. Sananene kuti zikomo, ndipo mwamuna wake sanayembekezere kuti atero. Pobwerera kuchokera kuchipatala, atafika pamphambano, mkaziyo anati, "Khoterani kumanja."

"Kumanja ndi kuntchito."

"Ndikudziwa. Ndikufuna ndikathokoze mwini galimotoyi."

Khonde la ku ofesi linali lalitali, la matailosi, ndipo ndodo inkamveka pa sitepe iliyonse, kenako phazi lokwakwaza. Zitseko zinayamba kutseguka. Bambo a mapasa ankayenda pambali atanyamula kachikwama ka mkazi wake, osadziwa koloza maso. Mayi wa polandirira alendo anathamangira kukatenga mpando, koma mlendoyo anakana, nati akufuna apereke moni ataimirira.

"Amayi, mwasowatu. Munali kuti nthawi yonseyi?" anafunsa wina wa ku akaunti, amene nkhani inamufika mwatheka.

"Ndinalipo, bambo. Kunyumba konkuja."

Abwana aakulu anatuluka mu ofesi yawo n'kumukumbatira. Wailesi anabwera atagwira chipewa m'manja ngati ali m'tchalitchi, ndipo mayi a mapasa anamuuza kuti galimoto yake ndi yabwino, kungoti m'thumba la chitseko anasiyamo mulu wa timitengo totokosera m'mano wokwana kumangira khola la nkhunda. Anthu anaseka, Wailesi naye anaseka, mawu ake n'kubwerera. Bambo a mapasa yekha ndiye kuseka kunamukanika.

Ali m'njira yopita kunyumba mkaziyo anatsamira mpando, atatopa kwambiri, maso ali otseka.

"Ndawaitana Loweruka," anatero. "Onse amene angathe. Mukonze pabalaza."

Loweruka m'mawa anadzuka n'kuyamba kusuntha mipando. Pakona pa balaza panali zinthu za mafizo: chitsulo chogwirira poyeserera kuyenda, mphasa ya raba, malamba okokera mwendo ndi timipira tofinya. Anazisonkhanitsa, nanyamula chitsulo chija kulowera nacho kuchipinda cha ana kumene alendo sakanafika. Ali pakati pa khonde la m'nyumba anakumana ndi mlamu wake atanyamula makapu pathireyi. Mlamuyo anaima, anayang'ana chitsulocho, kenako anayang'ana iye.

"Mukupita nacho kuti, alamu?"

Bambo a mapasa anaima pomwepo, chitsulo chili m'manja. Kuchipinda kunkamveka mkazi wake akung'ung'udza nyimbo uku akupesa tsitsi.

"Ndimafuna ndisese pansi pake," anatero.

Mlamuyo anapanikizika kukhoma kuti amupatse njira yotembenukira. Bamboyo anabwerera nacho pabalaza, anasesa pakonapo ngakhale kuti panali posesa kale, nachiimika pamalo pake. Kenako anapita kukatsegula geti, chifukwa kunja hutala inali itayamba kulira.